Nyumba Zotsekedwa za pa 9th Street

Mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la America, muli dera lotchedwa Shaw, ndipo m'dera limenelo, pamene msewu wa 9th Street ukumana ndi wa P Street, paima tchalitchi cha mpingo wa Shiloh Baptist, mpingo umene kwa zaka zambiri udakhala pa mlandu ndi anansi ake. Mlanduwo sudali wa chiphunzitso, kapena wa ubatizo womiza m'madzi, kapena wa nthetemya za nyimbo za Lamulungu, koma wa nyumba zakale za njerwa zimene mpingowo udagula m'mbali mwa msewu, nuzikhoma matabwa m'mazenera, nuzisiya chikhalire kufikira timitengo tidamera m'ming'alu ya zipupa. Nkhani imeneyi yandikhala mumtima chiyambire pamene ndidakhalako kanthawi mu mzindawo, popeza ndi umodzi wa milandu ija imene munthu ukamva mbali yoyamba umati wolakwa wapezeka, koma ukamva yachiwiri umayamba kukanda m'mutu.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kuyamba taupatsa ulemu wake mpingowu, pakuti sudachokere pabwino. M'chaka cha 1862, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pakati, ukapolo udathetsedwa mu mzinda wa Washington miyezi ingapo usanathetsedwe m'madera a kummwera, ndipo akapolo ambiri a ku Virginia, ataona kuti asilikali a kumpoto afika pafupi, adanyamula ana ndi timitolo tawo nawoloka kudza mu mzindawo. Mwa iwo mudali Akhristu a mpingo wa Shiloh wa ku Fredericksburg, amene sadafune kutaya dzina la kwawo. M'chaka cha 1863 anthu 21 adakhazikitsa Shiloh wina ku Washington, ndipo mu 1924 zidzukulu zawo zidasamukira pamalo pamene mpingowu uli lero. Mmalawi akalowa m'tchalitchi chotere sadziona ngati mlendo kwenikweni, chifukwa ku Virginia komweko, m'tauni ya Lynchburg, n'kumene John Chilembwe adakaphunzira, ndipo Abaptisti akuda a ku America ndiwo adamuthandiza pa ntchito yake ya ku Mbombwe. Mpingo wa Shiloh udakula nutchuka, kotero kuti pa Pasaka wa 2011 Pulezidenti Barack Obama ndi banja lake adakapembedza kumeneko.

Dera la Shaw nalonso lidali ndi masiku ake a ulemerero. M'nyengo ija imene lamulo ndi mwambo zinkasankha mitundu, pamene munthu wakuda sankaloledwa kugula nyumba m'madera ambiri a mzindawo ngakhale akhale ndi ndalama zodzaza thumba, aphunzitsi, madokotala, maloya, oimba ndi osula onse adaunjikana kuno, pafupi ndi sukulu yaukachenjede ya Howard ndi msewu wotchuka wa U Street. Pa nambala 1538 ya 9th Street yomweyo, mtunda wongoponya mwala kuchokera pa tchalitchi, padakhala Carter G. Woodson kuyambira 1922 kufikira imfa yake mu 1950, ndipo m'nyumba imeneyo ndimo adakonzera sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda, imene idayamba mu 1926 ndipo lero idasanduka mwezi wathunthu. Koma pa 4 April 1968 Martin Luther King adaphedwa ku Memphis, ndipo mkwiyo umene udasungidwa zaka zosawerengeka udaphulika. Masitolo a pa 7th Street ndi 14th Street adapsa, anthu 13 adafa mu mzindawo, ndipo utsi utatha, eni masitolo ambiri sadabwererenso. Amene adali ndi mphamvu yosamuka adasamuka, azungu ndi akuda omwe, kunka ku midzi yatsopano ya ku Maryland ndi Virginia. Mzinda umene mu 1950 udali ndi anthu opitirira 800,000 udatsala ndi anthu pafupifupi 572,000 pofika 2000. Pambuyo pa moto padadza mankhwala ozunguza bongo, pambuyo pa mankhwala padadza mfuti, ndipo nyumba zokongola za nsanjika ziwiri ndi zitatu zidasanduka mabwinja pakati pa likulu la dziko lolemera koposa.

M'masiku amenewo ndimo mipingo ya m'deralo idagula nyumba. Sidalande munthu, idagula zimene panalibe wozifuna, zina pofuna malo oimikapo magalimoto, zina polota za nyumba za okalamba, za sukulu ya mkaka, za malo othandizira osowa. Akhristu ake ambiri adali atasamuka kale, koma Lamulungu lililonse ankabwerabe kuchokera kutali, atavala zipewa zawo zazikulu ndi masuti osita bwino, chifukwa madzi saiwala khwawa, ndipo munthu sasiya msanga tchalitchi chimene adabatizidwiramo ndi kulirira maliro a amake. Banki idathawa, sitolo idathawa, kanema adatsekedwa, koma mpingo udatsala, nudyetsa anjala, nuika akufa. Shiloh adamanga nyumba yaikulu yothandizira mabanja pambali pa tchalitchi, ndipo pamene moto udawononga tchalitchicho mu 1991, adasonkhanso namanganso. Aliyense wofuna kuweruza mpingowu asaiwale zimenezi.

Koma nyumba yotsekedwa siyembekeza maloto a mwini wake. Kwathu timadziwa kuti nyumba yaudzu imene simusonkhedwa moto imagwa msanga kuposa yokhalamo anthu, popeza utsi ndiwo umathamangitsa chiswe ndi anankafumbwe a m'phaso. Ya njerwa ya ku Washington nayo ili ndi chiswe chake, ndicho madzi. Nyumba za pa 9th Street zidamangidwa mondondozana, khoma limodzi kugawana mabanja awiri, ndipo madenga ake n'ngathyathyathya, otsetsereka pang'ono chabe kunka kumbuyo. Masamba akatseka ngalande ya padenga, madzi amaima. M'nyengo yozizira madziwo amaundana nang'amba polumikizira. Chaka chotsatira amalowa nanyowetsa mitanda, mitanda niwola, denga nilendewera, ndipo chinyontho, chimene sichidziwa malire a puloti, chimadutsa khoma kukatuluka m'chipinda cha mwana wa mnansi. Ndidaimapo patsogolo pa imodzi ya nyumba zotere tsiku lina m'mawa. Matabwa a m'mazenera adali atatuwa ndi kupindika, masitepe achitsulo opita kukhomo adali atadyedwa ndi dzimbiri, pansi pake pali mabotolo ndi bulangete lonyowa la wina amene adagonapo, ndipo pamwamba, pamene amisiri akale adakongoletsa mlomo wa denga ndi malata osema maluwa, nkhunda zinkalowa ndi kutuluka ngati pakwawo. Khomo lotsatira lidali lopakidwa penti yatsopano, ndi miphika ya maluwa pa masitepe, ndi kanjinga ka mwana komangidwa unyolo. Nyumba ziwirizo zidali zogwirana khoma.

Ndipo si mpingo wokha umene udalephera kusamala zakale. Msika wa O Street, womangidwa mu 1881, denga lake lidagwa ndi kulemera kwa chipale chofewa mu 2003, nukhala chigoba kufikira udakonzedwa zaka khumi pambuyo pake. Nyumba ya Woodson mwiniyo idakhala yotsekedwa ndi yodontha kufikira boma lidaigula mu 2005. Kuwola kudali kwa dera lonse.

Tsono mphepo idatembenuka. Sitima ya pansi pa nthaka idafika ku Shaw mu 1991, nyumba yaikulu ya misonkhano idatsegulidwa kummwera kwa deralo mu 2003, ndipo achinyamata ophunzira, a malipiro abwino, ambiri mwa iwo azungu, adazindikira kuti pali nyumba zakale za njerwa zofiira zimene munthu angachokeremo wapansi kupita kuntchito. Adagula, nakonza, napaka penti, ndipo atatha kukonza zawo adayang'ana za mpingo nayamba kufunsa. Mafunso awo adafika m'misonkhano ya m'dera, m'nyuzipepala ndi m'maofesi a mzinda, kotero kuti cha m'ma 2007 akuluakulu a mzinda adagamula kuti zina mwa nyumba za mpingowo sizidali zoyenera kukhalamo munthu, nalamula kuti zikonzedwe. Mzindawu ulinso ndi chikwapu china chowawa kuposa mawu, ndicho msonkho: nyumba yokhalamo anthu imakhoma masenti 85 pa madola 100 aliwonse a mtengo wake, yopanda anthu imakhoma madola 5, ndipo yoonongekeratu madola 10. Munthu awerengere yekha: nyumba ya madola 500,000 imene ikadakhoma madola 4,250 pachaka ingathe kukhoma 25,000 kapena 50,000, ndipo mpingo ukakhala ndi zingapo zotere, chopereka cha amasiye chimathera kulipirira nkhunda malo ogona.

Mayi wina wachikulire wa mpingo wina wa m'dera lomwelo, amene ndidacheza naye titatuluka m'mapemphero, sadafune n'komwe kumva dzina la anansi atsopanowo. Ndidamufunsa mwaulemu kuti, “Mayi, kodi anthuwa sakunena zoona, kuti nyumba zotsekedwa zikuwononga msewu?” Iwo adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, “Mwanangu, iwe wabwera dzulo, iwonso abwera dzana. Pamene zipolopolo zinkalira pa msewu uno adali kuti? Ife tinkatsuka magazi pa masitepe a tchalitchi Loweruka kuti Lamulungu anthu apeze podutsa. Lero aona kuti pakoma, ayamba kutiwerengera mazenera ndi kutiitanira apolisi chifukwa cha magalimoto athu.” Za magalimotozo n'zoona ndithu, pakuti Akhristu ochokera kutali ankaimika magalimoto mizere iwiri Lamulungu, natsekereza a eni nyumba, ndipo mkangano wa zimenezi udakhala wowawa ngati wa nyumba zomwezo. Sindidawayankhe mayiwo; mawu a munthu amene adapirira zaka za chilala sayankhidwa ndi mlendo pa khonde la tchalitchi.

Komabe ndikalingalira ndili ndekha, sinditha kuwavomereza kotheratu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mawu oona sasanduka bodza chifukwa chakuti wowanena wafika posachedwa kapena wawanena mwamwano. Ndiponso odandaula sadali obwera okha. Bambo wina wokalamba, wakuda, amene adabadwira m'deralo ndipo sadasamukepo, adandiuza kuti iye adayamba kudandaula za makoswe ochokera m'nyumba zotsekedwa kalekale, kusanabwere mzungu ndi mmodzi yemwe, koma panalibe womumvera. Chimene chidamuwawa n'chakuti mawu omwewo adamveka msanga atatuluka m'kamwa mwa anthu a ndalama. Apa ndipo pagona nkhani kwa ine. Amene adasauka kwambiri ndi nyumba zotsekedwa sadali wogula watsopano, yemwe akadatha kugulitsa n'kupita kwina, koma wosauka amene adagona pafupi nazo usiku uliwonse wa sabata, pamene eni ake ankaziona kwa maola atatu Lamulungu, ali m'zovala zabwino, akuthamangira kukayamba nyimbo. Mpingo ukagula nyumba pa msewu umasanduka mnansi, ndipo mnansi saweruzidwa ndi ulaliki wake kapena mbiri ya makolo ake, koma ndi ngalande yake, ngati ikutayira madzi kwa mnzake.

Sindikhulupirira kuti akulu a mipingo yotere adali ouma mtima kapena adyera, ngakhale ena adawanena choncho. Chimene ndikuona n'chakuti mpingo uli ndi matenda ake ake pa nkhani ya chuma, ndipo aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa madikoni, kaya ku Washington kaya kwina kulikonse, akuwadziwa. Munthu wamalonda akagula nyumba amawerenga mwezi uliwonse umene yakhala chabe ngati ndalama yotayika. Mpingo umawerenga nthawi ngati mwini muyaya. Abusa adaphunzira Chihebri ndi Chigriki, osati mitengo ya simenti ndi mapangano a ngongole. Komiti imasankha komiti inzake, mapulani amajambulidwa naikidwa m'galasi pakhomo la tchalitchi, abusa akasintha masomphenya amasinthanso, ndipo popeza loto limakhala lalikulu, la nyumba ya nsanjika zambiri yodzaza mdadada wonse, palibe amene amafuna kuwononga ndalama pokonza denga la kanyumba kamene kadzagwetsedwe loto likadzakwaniritsidwa. Kugulitsa nakonso kumaoneka ngati kupereka cholowa cha makolo kwa alendo, monga Naboti adakanira munda wake wamphesa. Ndipo kwa zidzukulu za anthu amene iwo eni adagulitsidwapo pa msika, amene kwa mibadwo adakanizidwa kukhala ndi malo, kugwiritsa nthaka si umbombo wamba. Motero chaka chimatsata chinzake, aliyense ali ndi cholinga chabwino, ndipo Zengerezu adalinda kwaukwau. Kapolo uja wa m'fanizo amene adakumbira pansi ndalama ya mbuye wake sadabe kanthu, adaibweza yonse yathunthu. Mlandu wake udali wa mantha ndi kuchedwa basi.

Pamene ntchito yokonza idayamba, panalibe kulira kwa lipenga. Kukonza nyumba ya zaka zoposa 100 ndi ntchito yonyansa, yochedwa ndi yodya ndalama, kawirikawiri kuposa kumanga yatsopano. Amayamba ndi kutulutsa zinyalala ndi zitosi za nkhunda, amuna atavala zophimba kumphuno. Kenaka amachirikiza makoma ndi mizati kuti asagwe pochotsa mitanda yowola. Penti yakale ili ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana, choncho simangopalidwa mwachisawawa. Mapaipi ndi mawaya onse amazulidwa. Njerwa zakalezo n'zofewa, ndipo mmisiri wodziwa saziphatika ndi simenti yolimba ya masiku ano, imene ingazing'ambe m'nyengo yozizira, koma amakolokota dothi lakale pakati pa mizere ndi kachitsulo, mzere ndi mzere, nabwezeramo la laimu. Popeza deralo lili m'gulu la malo otetezedwa chifukwa cha mbiri yake, ngakhale maonekedwe a zenera amayenera chilolezo. Mpingo wa Shiloh, patapita zaka za kukokanakokana, udachita chimene udakhala ukuchipewa: udagulitsa zina mwa nyumbazo, nukonza zina. Kwa ine chigamulo chimenecho n'cholemekezeka kuposa mapulani onse okongola a m'galasi, chifukwa chidafuna kuti anthu avomereze pamaso pa anzawo kuti dzanja lawo lidafumbata zambiri kuposa zimene likadatha kunyamula. M'buku la Nehemiya, pamene linga la Yerusalemu linkamangidwanso, ambiri adapatsidwa chigawo choyang'anizana ndi khomo lawo lomwe, ndipo ntchito idatha msanga chifukwa panalibe amene adadikira kuti amange linga lonse yekha.

Koma walira mvula walira matope. Nyumba ikakonzedwa, msewu umakongola. Msewu ukakongola, mitengo imakwera. Mitengo ikakwera, lendi ndi msonkho zimakwera nazo, ndipo bambo wokalamba uja amene adalimbana ndi makoswe zaka zonsezo angapezeke kuti wapambana mlandu koma wataya mudzi. Mu 1970 anthu akuda adali pafupifupi 71 pa 100 alionse mu Washington. Pofika 2020 adali ochepera theka. Lero pa 9th Street ndi 7th Street pali malo odyera amene chakudya cha munthu mmodzi chingadyetse banja sabata yathunthu. Nyumba iliyonse imene mpingo wagulitsa pa mtengo wa msika imapita kwa wokhoza kulipira, ndipo wokhoza kulipira si mdzukulu wa mayi uja wotsuka masitepe. Nchifukwa chake sinditha kuimba nthungululu pongoona matabwa achotsedwa m'mazenera. Ndimafuna ndidziwe amene adzapachike makatani m'mazeneramo.

Pa funso limeneli mipingo ya mu mzinda womwewo idayankhapo kale, ndipo yankho lake likuonekabe ndi maso. Moto wa 1968 usanabuke n'komwe, Mbusa Walter Fauntroy wa mpingo wa New Bethel Baptist, mnzake wa King, adali atayamba kale kusonkhanitsa anthu a ku Shaw kuti dera lawo likonzedwe ndi iwo eni ndiponso chifukwa cha iwo eni, pakuti adaona zimene zidachitika kummwera chakumadzulo kwa mzindawo, kumene boma lidagwetsa midzi yathunthu m'dzina la chitukuko, anthu zikwizikwi nabalalika. Moto utazima, mipingo ingapo idamanga nyumba za lendi yotsika pa mapuloti opsa. Mipingo iwiri, wa Lincoln Temple wa anthu akuda ndi wa Westmoreland wa azungu, idagwirizana kumanga nyumba zotchedwa Lincoln Westmoreland pa 7th Street, ndipo mpingo wa United House of Prayer for All People udamanga zake zambiri. Nyumba zimenezi si zokongola kwenikweni, ndipo alendo odzaona mzinda sazijambula. Koma mabanja ambiri osauka amene atsala ku Shaw lero atsala chifukwa cha izo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima koposa chili m'dera la Adams Morgan, kumpoto chakumadzulo kwa Shaw. Kumeneko mu 1973 anthu ochepa a mpingo waung'ono wa Church of the Saviour, umene mbusa wake adali Gordon Cosby, adaika mtima pa nyumba ziwiri zazikulu zotchedwa Ritz ndi Mozart, zimene zidali zitawola anthu ali momwemo. Analibe ndalama kapena luso la zomangamanga, ndipo James Rouse, katswiri womanga mizinda amene adakamupempha nzeru, poyamba adawauza kuti ntchitoyo siingatheke. Ataona kuti sakubwerera m'mbuyo, adawathandiza kupeza ndalama zogulira. Adapeza zophwanya malamulo a nyumba zoposa 900, ndipo adazichotsa chimodzichimodzi, Akhristu ndi alendi omwe akugwira fosholo limodzi, popanda kutulutsa okhalamo kuti mulowe olemera. Bungwe limene lidabadwa pamenepo, la Jubilee Housing, dzina lake lochokera ku chaka chija cha m'Chilamulo cha Mose chimene munthu aliyense ankabwerera ku cholowa chake, likusungabe nyumbazo pa lendi yotsika, ngakhale Adams Morgan lero ndi dera lodula; ndipo Rouse mwiniyo, atatengeka ndi zimene adaona, adayambitsa mu 1982 bungwe la Enterprise Foundation lothandiza ntchito yotere m'mizinda ina ya America.

Ndikadakhala membala wa mpingo wokhala ndi nyumba zotsekedwa, tsiku la msonkhano ndikadaimika dzanja kuti zigulitsidwe ziwiri kapena zitatu, pakuti denga silikonzedwa ndi pemphero lokha. Koma ndikadapempha kuti zotsalazo zilembedwe m'pangano lolimba, lomanga ngakhale abusa ndi madikoni a m'tsogolo, lakuti lendi yake idzatsata malipiro a wosesa m'chipatala ndi woyendetsa basi, osati mtengo wa msika. Ndikudziwa kuti msungichuma akadaimirira pomwepo ndi pepala lake, nandifunsa kumene kudzachokere ndalama yokonzera dengalo likadzayambanso kudontha pakatha zaka 20, ndipo msonkhanowo ukadapitirira mpaka usiku.